Mfumu Jalasi ya pa Phiri la Mangochi

Kum'maŵa kwa mtsinje wa Shire, kufupi ndi Namwera, kuli phiri lalitali lotchedwa Mangochi. Kalekale pa phiri limeneli panali mudzi waukulu wa Jalasi, mfumu ya Ayao. Azungu ankalemba dzina lake kuti Zarafi.

Jalasi anali mfumu yamphamvu ndi yolemera. Anthu ake ankasenza minyanga ya njovu kupita nayo ku nyanja ya mchere, ndipo pobwerako ankatenga nsalu, mfuti ndi wonga. Koma chuma chake china chinkachokera ku malonda oipa ogulitsa anthu ukapolo. Chifukwa cha ichi, anthu a m'midzi yozungulira sankagona tulo.

M'chaka cha 1891 Harry Johnston, amene ankalamulira dziko lino m'dzina la Mangalande, anamanga linga m'mbali mwa Shire, pafupi ndi mudzi wa Mponda. Lingalo analitcha Fort Johnston. Iye ankafuna kuthetsa ukapolo ndiponso kuika mafumu onse pansi pa ulamuliro wa Azungu. Jalasi anakanitsitsa kugonja.

Mu February 1892 asilikali a boma anapita kukamthira nkhondo. Ankhondo a Jalasi ankadziŵa njira ndi miyala yonse ya m'phirimo, motero anaŵapirikitsa nalanda mzinga wawo. Mbiri ya Jalasi inamveka ponseponse, ndipo anakhalabe pa phiri lake zaka zina zitatu.

Mu October 1895 Major Edwards anabwera ndi gulu lalikulu, momwe munalinso asilikali a ku India. Ulendo uno mudzi uja unagwa, ndipo Jalasi anathaŵira ku Mozambique. Pamalopo Azungu anamangapo linga lotchedwa Fort Mangochi. Mabwinja ake akuonekabe mpaka lero.

Nkhondo zija zitatha, anyamata ambiri a Chiyao analembedwa usilikali wa boma lomwe linagonjetsa mafumu awo. Mu 1900 asilikali ena a dziko lino anatumizidwa ku Gold Coast, kumene lero ndi ku Ghana, kukamenyana ndi Aashanti, amenenso ankakana ulamuliro wa Mangalande.

Itatha nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918, gule wa beni anafala m'midzi ya kunyanja. Amuna ovina beni amavala ngati asilikali, ndi mamendulo pachifuwa. Amaguba motsata ng'oma ndi wenzulo, akazi akuthira mang'ombe. Choncho kuguba kumene kale kunkathaŵitsa anthu kunasanduka gule wosangalatsa mudzi wonse.

Ufumu wa Jalasi ulipobe m'boma la Mangochi. Tauni ya Fort Johnston nayo inasintha dzina, ndipo tsopano imatchedwa ndi dzina la phiri la Jalasi.

Mafunso
1. Kodi chuma cha Jalasi chinkachokera kuti?
2. N'chifukwa chiyani ankhondo a Jalasi anapambana mu 1892?
3. Fotokozani kavalidwe ka ovina beni.