Mayi Caroline Chisholm, Bwenzi la Alendo (1808-1877)

Pa 25 Malichi, tsiku limene Mpingo umakumbukira uthenga wa mngelo kwa Amayi Maria, ndi tsikunso limene Mayi Caroline Chisholm adamwalira mu mzinda wa London m'chaka cha 1877. Adafa ali osauka, atadwala nthawi yaitali, anthu ambiri atawaiwala. Sadali asisitere. Adali mkhristu wamba, mayi wapabanja wolera ana, koma ntchito yawo idasintha momwe boma la Britain linkasamalira anthu osamukira ku Australia.

Iwo adabadwa pa 30 Meyi 1808 pafupi ndi Northampton ku England, m'banja la Chiangilikani. Mu 1830 adakwatiwa ndi a Archibald Chisholm, mkulu wa asilikali wochokera ku Scotland yemwe adali Mkatolika, ndipo nawonso adalowa Mpingo wa Katolika. Ntchito ya bamboyo idawatengera ku Madras m'dziko la India, kumene mayiwa adatsegula sukulu ya ana aakazi a asilikali. Mu 1838 banjali lidapita ku Sydney kuti bambo akapume atafooka m'thupi.

Dziko limene adafikalo lidali ndi mbiri yowawa. Angerezi adayamba kukhazikika ku Australia mu 1788, pamene zombo zoyamba zidakocheza zitadzaza akaidi. Pofika 1868 Britain idali itatumizako akaidi oposa 160,000, ambiri mwa iwo amuna. Kuyambira mu 1831 boma lidaleka kugawa malo mwaulere. Lidayamba kuwagulitsa, ndipo ndalama zake linkalipirira ulendo wa anthu osauka a ku England, Scotland ndi Ireland oti akagwire ntchito. Obweretsa anthuwo ankalandira malipiro powerenga mitu ya otsika m'chombo. Zoti munthuyo akagona kuti kapena akadya chiyani, padalibe amene zinkamukhudza.

Chuma chitasokonekera cha m'ma 1840, ntchito zidasowa mu Sydney. Atsikana ongofika kumene, opanda mbale kapena khobidi, ankagona panja m'mapaki, ndipo ena njala idawakankhira m'manja mwa anthu owadyera masuku pamutu. Mayi Chisholm adayamba kuwachingamira kudoko ndi kuwasunga kunyumba kwawo. Pa Pasaka wa 1841 adalonjeza Mulungu paguwa kuti adzadzipereka kwathunthu pa ntchitoyi, osafunsa dziko kapena mpingo wa munthu wovutika.

Bwanamkubwa George Gipps adayamba wakana pempho lawo, koma mayiwa sadatope kugogoda. Pomaliza adawapatsa mbali ya nyumba yakale ya boma, yodzaza makoswe. Iwo adasamukira momwemo kuti azigona pamodzi ndi atsikanawo, ndipo nthawi zina munkakhala anthu oposa 90. Ataona kuti ntchito zili kumidzi, ankakweza atsikana ndi mabanja pangolo zokokedwa ndi ng'ombe, iwo ali patsogolo pa kavalo, mpaka kukawatula kumafamu. Sankasiya munthu popanda pangano lolembedwa lonena za malipiro ake. Pofika 1846 adali atathandiza anthu pafupifupi 11,000.

Otsutsa sadasowe. M'busa wina wotchuka wa Chipresibateriya, John Dunmore Lang, adawanena kuti akufuna kudzaza dzikolo ndi Akatolika a ku Ireland. Chikhalirecho nyumba yawo inkalandira aliyense, monga adalonjezera.

Mayi Chisholm adazindikira kuti kupukuta misozi kokha sikukwanira ngati malamulo ali opotoka. Boma ndi eni mafamu akuluakulu ankafuna manja ogwira ntchito, makamaka a mbeta ndi anyamata osakwatira. Iwo ankati dziko limamangidwa ndi mabanja. Mu 1846 adabwerera ku England, ndipo chaka chotsatira adakapereka umboni kumakomiti a nyumba ya malamulo ya House of Lords. Adachititsa boma kulipira ulendo wa akazi ndi ana a akaidi omasulidwa, komanso wa ana amene makolo adawasiya m'mbuyo chifukwa cha umphawi. Mu 1849 adakhazikitsa bungwe lokongoza mabanja theka la ndalama za ulendo, zobweza patatha zaka ziwiri. Adalimbikiranso kuti m'zombo mukhale ukhondo ndi ulemu. Wolemba mabuku Charles Dickens adafalitsa ntchitoyi m'magazini yake, ndipo Papa Pio IX adawalandira ku Roma ndi kuwapatsa mendulo. Atabwerera ku Australia mu 1854, adalimbikitsa boma la Victoria kumanga zigafa zogonamo apaulendo mumsewu wopita kumigodi ya golide.

Pali choonadi china chimene sichiyenera kubisika. Malo amene alendowa ankalimapo adali ndi eni ake, anthu a mtundu wa Aborijini, amene adakhalako zaka zikwi zambiri. Britain idatenga dzikolo ngati lopanda mwini, popanda pangano lililonse. M'chaka chomwecho cha 1838, azungu oweta ziweto adapha Aborijini osachepera 28 ku Myall Creek. Chifundo cha Mayi Chisholm chidapulumutsa osauka ochokera kutali, koma chidagwira ntchito mkati mwa dongosolo lolanda eni nthaka. Ngakhale mtima wabwino umakhala ndi anthu amene sukuwaona, ndipo mkhristu ayenera kudzifunsa kuti watsala kunja ndani.

Mayiwa adabwerera ku England mu 1866 ndipo adaikidwa m'manda ku Northampton. Kuyambira mu 1967 nkhope yawo idakhala pa ndalama ya madola asanu ya ku Australia kwa zaka zoposa 20. Mpingo sudawatchule woyera, ngakhale Akatolika ena akhala akupempha kuti moyo wawo ufufuzidwe.

Lero alendo satsika m'chombo okha ayi. Amatsikanso pa depoti ya basi: mtsikana wochokera kumudzi ndi kachikwama, atalonjezedwa ntchito ya m'nyumba, osadziwa malipiro ake kapena kothawira zinthu zikavuta. Ena akugwira ntchito m'nyumba za akhristu a m'parishi muno. Mphakati uliwonse ungayambe pamene Mayi Chisholm adayambira: kudziwa dzina la mlendoyo, kumene amagona, ndi ngati akulandira zimene adagwirizana.