Stanley Adshead, Mphunzitsi Amene Anajambula Mzinda wa Lusaka

Aphunzitsi ambiri a kuno ku Kanakantapa ndi madera ena a Chongwe amapita ku Lusaka kawirikawiri, koma ndi owerengeka amene adziwa kuti mzindawu unayamba kuoneka pa pepala la mphunzitsi mnzathu. Dzina lace ndiye Stanley Davenport Adshead.

Iyeyu anabadwa m'caka ca 1868 ku Bowdon, pafupi ndi Manchester, m'dziko la Mangalande. Anaphunzira nchito yolemba mapulani a nyumba, ndipo anachuka msanga cifukwa ca dzanja lace, pakuti anadziwa kujambula nyumba yosamangidwa kotero kuti mwini wace anaiona ngati yatha kale. Nyumba yamasewero ya Royal Victoria Pavilion, ya m'mbali mwa nyanja ku Ramsgate, ndiyo imodzi ya nchito zace zoyamba. Pambuyo pace, pamodzi ndi mnzace Stanley Ramsey, anakonza nyumba zokhalamo anthu ku Kennington mu London.

Masiku amenewo mizinda ya Mangalande inakula mosalongosoka, anthu anchito nathithikana m'tinyumba topanda mpweya. Tsono m'caka ca 1909 William Lever, mwini cuma wopanga sopo, anapereka ndalama ku Yunivesite ya Liverpool kuti ayambe maphunziro a kakonzedwe ka mizinda, ndipo Adshead ndiye anasankhidwa kuwatsogolera. Maphunziro otere anali acilendo, motero iye analambula yekha njira. Anaphunzitsa anyamata kuti mmisiri asayang'ane nyumba imodzi yokha ai, koma aganizirenso miseu, madzi, mitengo ndi mabwalo. M'caka ca 1914 anasamukira ku University College, London, kumene anaphunzitsa kufikira 1935. Amene analowa m'malo mwace ku Liverpool ndiye Patrick Abercrombie, yemwe pambuyo pace analemba mapulani okonzanso London.

Pa nthawiyo likulu la Northern Rhodesia linali ku Livingstone, malo otentha ndi okhala kumalire kweni kweni kwa dziko. Boma la Bwanamkubwa Sir James Maxwell linaitana Adshead, amene anali atapitirira zaka 60, kuti adzathandize kupeza malo ena. M'caka ca 1931 anasankha Lusaka, kamudzi ka pa njanji kamene kanayamba mu 1905. Malowo ndi okwera ndi ozizira bwino, ali pakati pa dziko, ndipo mseu wa kumpoto ndi mseu wathu wa kum'mawa ikomana pomwepo. Adshead anaika nyumba za Boma pa mtunda wa kum'mawa kwa njanji, umene uchedwa Ridgeway, nafuna kuti mzinda ukhale ngati munda, wa miseu yotakata ndi mitengo yamthunzi. Koma zinali zaka za kusowa kwa ndalama pa dziko lonse lapansi, ndipo P. J. Bowling anasintha mapulaniwo. Likulu linasamuka mu 1935.

Apa mpofunika kunena zoona. Mapulaniwo anasamala Azungu koposa. Anthu akuda anayesedwa alendo ogwira nchito, oti adzabwerera kumidzi kwao, kotero kuti malo amene anawasiyira anali ocepa ndithu. Koma anthu anadza ndi mabanja ao, namanga pamene anapeza mpata. Makomboni onga Kanyama, Misisi ndi Kalingalinga anakula, ena pa thanthwe losamwa madzi msanga, pamene dzinja liri lonse madzi asefukira ndi kubweretsa matenda. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2 miliyoni mu Lusaka. Ngakhale minda ya Kanakantapa yomwe inatsegulidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kuti acinyamata osowa nchito apeze pokhala ndi polima.

Adshead anamwalira m'caka ca 1946, osaona ufulu wa Zambia wa 1964. Anali munthu waluso ndi wakhama, ndipo tiyenera kumlemekeza pa zimene anayamba. Cimene cinamsoweka ndico kuwerenga anthu onse monga eni ace a mzinda.

Aphunzitsi anzathu, pa phunziro la mapu tengani ana panja, ajambule pa mcenga mudzi wao: citsime, zimbudzi, njira, sukulu ndi manda. Muwafunse kumene madzi amvula athamangira, ndi kumene adzukulu ao adzamanga. Atatha kujambula, afunseninso ngati pali banja limene aliiwala.