F. Mason Sones: dotolo amene anaphunzira pa kapaipi kosokera

Pa 30 Okutobala 1958, m'chipinda choyezera mtima pa chipatala cha Cleveland Clinic m'dziko la America, kapaipi kopyapyala kanaterereka n'kulowa pamene sikanayenera kulowa. Wodwalayo anali mnyamata wa zaka 26, ndipo dotolo woyang'anira ntchitoyo anali F. Mason Sones. Zimene anachita pa mphindi imeneyo, komanso m'zaka zotsatira, ndizo zinatsegula njira yojambulira mitsempha ya mtima imene zipatala zikugwiritsa ntchito mpaka lero.

Sones anabadwa mu 1918 ku Noxapater, m'chigawo cha Mississippi. Anamaliza maphunziro a udotolo pa yunivesite ya Maryland mu 1943, ndipo atagwira ntchito ya usilikali pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, anakazama pa za mtima ku chipatala cha Henry Ford mumzinda wa Detroit. Mu 1950 anayamba ntchito ku Cleveland Clinic.

M'masiku amenewo madotolo ankatha kulowetsa kapaipi mumtsempha mpaka kukafika kumtima, n'kupopera mankhwala amene amachititsa kuti njira za magazi zioneke pa X-ray. Koma mitsempha ing'onoing'ono imene imadyetsa mnofu wa mtimawo ankaiopa. Ankakhulupirira kuti mankhwalawo akalowa mwachindunji m'menemo, mtima umasokonekera kagundidwe ndipo munthu amafa.

Mnyamata uja anali ndi nthenda ya rheumatic heart disease, imene imawononga zitseko za mtima ndipo ikuvutitsabe achinyamata ambiri muno mu Africa. Cholinga cha Sones chinali kujambula mtsempha waukulu wotulutsa magazi mumtima. Mankhwala atatsala pang'ono kupoperedwa, nsonga ya kapaipi inagwedezeka n'kulowa mumtsempha wa kumanja wodyetsa mtima, ndipo mankhwala ochuluka anathamangira m'menemo. Sones anadzambatuka atagwira mpeni wa opaleshoni, wokonzeka kung'amba chifuwa kuti atikite mtima ndi manja. Mtimawo unaimadi kwa masekondi angapo, koma wodwalayo anali akadali maso. Sones anamulamula kuti atsokomole mwamphamvu, ndipo mtima unayambiranso kugunda.

Wina akanangothokoza mwayi n'kuiwala. Sones anaona kuti ngoziyo inamusiyira chithunzi chooneka bwino cha mtsempha wa mtima wa munthu wamoyo, ndiponso umboni wakuti mantha a madotolo anali opitirira muyezo. Anaganiza kuti ngati mtima wapirira mankhwala ochuluka chotero, ndiye kuti mankhwala ochepa, opoperedwa mosamala, sangaphe munthu. Anakonza kapaipi ka nsonga yosongoka bwino, kolowetsera pa mtsempha wa pamkono, ndipo zithunzi ankazisunga pa filimu kuti aziziunika mobwerezabwereza. Mu 1962, pamodzi ndi mnzake Earl Shirey, anafalitsa njirayi atayeza odwala oposa 1,000.

Zithunzizo zinapatsa madotolo a opaleshoni mwayi wodziwa malo enieni pamene mtsempha watsekeka. Mu 1967, pa chipatala chomwecho, René Favaloro wa ku Argentina anayamba kulambalala malo otsekekawo polumikiza mtsempha wotengedwa kumwendo. M'chaka chomwecho Melvin Judkins anabweretsa timapaipi topindiratu, tolowetsera m'ntchafu, tosavuta kugwiritsa ntchito. Mu 1977, ku Zurich, Andreas Grüntzig anatsegula mtsempha wa mtima pofufumitsa kabaluni mkati mwake. Zida zachuluka kuyambira pamenepo, ndipo chilichonse chingasokere, kupindika kapena kukodwa. N'chifukwa chake wogwira ntchitoyi sachotsa maso pa makina oonetsa kagundidwe ka mtima, ndipo zida zodzutsira mtima zimakhala pafupi ntchito isanayambe.

Sones ankadziwika ngati munthu wolankhula mosapsatira, wogwira ntchito usana ndi usiku, komanso wosuta fodya kwambiri. Analandira mphotho ya Lasker mu 1983, ndipo anamwalira ndi khansa ya m'mapapo mu Ogasiti 1985. Judkins anali atamwalira kumayambiriro kwa chaka chomwecho, ndipo Grüntzig anafa pa ngozi ya ndege mu Okutobala.