Jacques Tati, Wanthabwala Amene Adaphunzira Luso Lake pa Bwalo la Mpira

Mwa akatswiri onse oseketsa anthu amene dziko la France lidabala, palibe amene adali wouma pakamwa ngati Jacques Tati. Pa moyo wake wonse adapanga akanema aatali asanu ndi mmodzi basi, ndipo m'ambiri mwa iwo liwu lake limamveka mwa apo ndi apo basi. Komatu munthu ameneyu adali ndi chikhulupiriro chimodzi chimene adachigwiritsa mpaka chidamudyera chuma chake chonse. Iye ankati nthabwala zenizeni sizili mwa munthu wochenjera amene waima pansanja, koma mwa anthu wamba amene akuchita ntchito zawo za tsiku ndi tsiku, osadziwa kuti wina akuwayang'ana.

Tati adabadwa pa 9 October 1907 m'tauni ya Le Pecq, kufupi ndi Paris. Dzina lake lenileni lidali Jacques Tatischeff, pakuti agogo ake aamuna a kuchimuna adali a ku Russia. Bambo ake adali ndi bizinesi yopanga mafelemu a zithunzi, ndipo banjalo silinkasowa kanthu. Kusukulu mnyamatayu sankachita bwino. Adasiya maphunziro ali ndi zaka 16 nayamba kuphunzira ntchito ya mafelemuyo, kenaka adakatumikira usilikali m'gulu la okwera pa akavalo. Atachoka kumeneko adamutumiza ku London kuti akasule luso lake la ntchito, koma chimene adabwerako nacho n'chikondi cha mpira wa rugby, uja wobulungira ngati dzira umene osewera amathamanga nawo m'manja uku akugwetsana. Atabwerera kwawo adalowa timu ya Racing Club de France. Kaputeni wake adali Alfred Sauvy, yemwe pambuyo pake adasanduka katswiri wa zachuma ndi chiwerengero cha anthu, ndipo ndiye adayambitsa mu 1952 dzina lija lakuti Dziko Lachitatu ponena za mayiko osauka.

Mpirawo Tati sadatchuke nawo. Mbiri yake inkayamba masewero akatha, pamene anyamata adakhala pansi kuti adye ndi kumwa. Apo chimunthu chachitalicho chinkadzuka ndi kubwereza masewero onse a tsikulo chokha, popanda mpira, popanda mawu. Ankaonetsa mmene woyimbira adathamangira, mmene wina adagwera, ndi mmene wina adanamizira kupweteka, anzake nkumangogubuduka ndi phwete poona kuti aliyense wa iwo wagwidwa mayendedwe ake. Apa mpamene adatulukira chinthu chimene adadya nacho moyo wake wonse. Munthu amene ali pa masewero saganiza za maonekedwe ake, chifukwa mtima wake wonse uli pa mpira. Tsono thupi lake limaulula mantha, matama ndi ulesi zimene pabwalo lina akadazibisa.

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, nthawi imene ntchito zidali zosowa m'mayiko ambiri, iye adasiya bizinesi ya makolo ake kuti azichita zisudzo, ndipo abale ake sadakondwere. Padapita zaka zingapo za usiwa asadapeze malo okhazikika. Chisudzo chake adachitcha Impressions sportives, ndiye kuti zithunzithunzi za masewero. Ankakwera pansanja chimanjamanja nasanduka goloboyi amene akusungulumwa pagolo mpira uli kutali, mpaka mwadzidzidzi umudutsa. Wankhonya amene miyendo yayamba kumukana. Wa tenesi, wa njinga, msodzi wa mbedza, ndi wokwera pa kavalo. Mu 1936 adaonekera m'nyumba ya zisudzo ya A.B.C. ku Paris, ndipo mayi wina wotchuka pa zolembalemba, Colette, adamuyamikira m'nyuzipepala. Chidamudabwitsa mayiyo n'chakuti munthu mmodzi ankaoneka ngati wosewera ndi mpira womwe, wokwera ndi kavalo yemwe, pa nthawi imodzi.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse idadukiza ntchitoyi. Mu 1943 Tati adakabisala kwa kanthawi kufupi ndi mudzi wa Sainte-Sévère, pakati pa dziko la France, ndipo nkhondo itatha adabwererako ndi makamera. Kanema wake woyamba wamtali, Jour de fête, kunena kuti tsiku la chikondwerero, adatuluka mu 1949. Ndi nkhani ya François, wopereka makalata wa panjinga, amene waona kanema wosonyeza liwiro la positi ya ku America nafuna kuchita chimodzimodzi m'mudzi mmene palibe amene ali pachangu. Anthu ambiri a m'mudzimo adasewera nawo monga momwe adaliri.

Anthu adamukonda François, koma Tati adakana kumubwereza. M'malo mwake, mu 1953, adatulutsa Les Vacances de Monsieur Hulot, tchuti cha Bambo Hulot, chojambulidwa pa gombe la Saint-Marc-sur-Mer. Hulot ndi mwamuna wamtali, wa kaliwo pakamwa, wa buluku lolekeza m'mwamba mwa akakolo, woyenda chopendekera kutsogolo ngati akukankhidwa ndi mphepo. Ndi waulemu kwambiri, ndipo ulemu wakewo ndiwo umagwetsa zinthu. Pa tenesi amagonjetsa aliyense ndi kamenyedwe kachilendo kamene wangokopera kwa mayi wogulitsa m'sitolo. Amene adaonerapo Mr Bean adzazindikira mtundu wake, pajatu Rowan Atkinson mwini wake amavomera kuti adaphunzira zambiri kwa Hulot.

Muli kachigawo kena m'kanemayu kamene Tati ankakonda kufotokozera pofuna kusiyanitsa njira yake ndi ya Charlie Chaplin. Galimoto la Hulot lafera pamanda pamene pali maliro. Pofunafuna zipangizo, chubu cha tayala chigwera pa masamba onyowa, masambawo namatirira, ndipo wothandiza pamalirowo achitenga poyesa kuti ndi nkhata ya maluwa. Malinga ndi Tati, Chaplin akadamata yekha masambawo mwadala kuti adzipulumutse, oonera nkuyamikira kuchenjera kwake. Hulot sadziwa n'komwe kuti wapanga nkhata. Kusiyana kwake n'kwakukulu ndithu: wa Chaplin ndi munthu wapadera amene ena sangafanane naye, pamene zogwera Hulot zikhoza kugwera mphunzitsi, kalaliki kapena wogulitsa pamsika.

Mon Oncle, amalume anga, wa mu 1958, ndiye adamufikitsa pachimake. Hulot ali ndi mlongo wake wokwatiwa ndi Bambo Arpel, bwana wa fakitale ya mapaipi a pulasitiki, ndipo banjalo limakhala m'nyumba yamakono momwe chilichonse chimayendera mabatani. Pabwalo pali kasupe wopangidwa ngati nsomba, amene mayi wa panyumbapo amamutsegula pokhapokha kukabwera mlendo wolemekezeka. Akaona kuti ndi wogulitsa masamba kapena mchimwene wake, amathamanga kukatseka. Kanemayu adapata mphotho yapadera ku Cannes ndiponso Oscar ya kanema wa chiyankhulo chachilendo. Atapita ku Hollywood, Tati adapempha kuti akacheze ndi nkhalamba zimene zidamutsogolera pa lusoli, Stan Laurel, Buster Keaton ndi Mack Sennett.

Munthu wina akadapitiriza kugulitsa Hulot chaka ndi chaka nalemera. Tati adaona kuti Hulot wayamba kusanduka chomwe iye ankakana, ndiye kuti katswiri amene maso onse ali pa iye. Motero adakonza kanema mmene aliyense adzakhale woseketsa, Hulot nkumangooneka apo ndi apo pakati pa chikhamu. Posowa malo oyenera, adamanga mzinda wathunthu kunja kwa Paris, wa misewu yake ndi nyumba zooneka ngati zagalasi ndi zitsulo, umene anthu adautcha Tativille. Kujambula kudayamba mu 1964 nkutha mu 1966. Mphepo yamkuntho idaononga zomangazo, ndalama zidatha kangapo, ndipo iye adakongola mpaka kupinyolitsa nyumba yake. Playtime adatuluka mu December 1967.

M'kanemayu kamera imaima patali, ndipo pa chithunzi chimodzi pamachitika zinthu zinayi kapena zisanu. Woonera asankhe yekha koyang'ana, monga achitira munthu amene wakhala pakhonde la sitolo tsiku la msika. Chitseko chagalasi cha lesitilanti chitasweka, mlonda apitiriza kugwira chogwirira chake m'malere, kutsegula ndi kutseka chitseko chimene kulibe, ndipo alendo olemera adutsa mwaulemu osaona kanthu. Zoterezi zilimo zambirimbiri, mwakuti munthu sangazione zonse ulendo umodzi. Apa mpamene padagona vuto. Anthu adalipira kuti akaone Hulot, ndipo adatuluka akudandaula kuti amusowa. Kunena zoona, Tati adapempha zambiri kwa munthu wotopa amene wangofuna kuseka madzulo a Loweruka. Ndalama zimene zidalowa sizidakwane kubweza ngongole. Nyumba ya banja ku Saint-Germain-en-Laye idapita, kampani yake ya Specta Films idagwa, ndipo umwini wa akanema ake udagulitsidwa. Mzinda wake uja, umene ankafuna kuti ophunzira za kanema adzaugwiritse ntchito, adaugumula. Patapita zaka zambiri mpamene akatswiri adayamba kumuwerengera Playtime pakati pa akanema opambana a nthawi zonse, monga zidaonekera pa chisankho cha magazini ya Sight and Sound mu 2012 ndi mu 2022.

Kuti apeze omuthandiza ndalama, adavalanso chikhoti cha Hulot mu Trafic wa mu 1971, nkhani ya magalimoto ndi makhalidwe a oyendetsa. Ntchito yake yomaliza, Parade, adaipangira wailesi yakanema ya ku Sweden ndipo idaonetsedwa mu 1974. M'menemo nkhalamba ya zaka zoposa 65, ya imvi mbuu, idaimanso pakati pa bwalo chimanjamanja nichita goloboyi, wankhonya, msodzi ndi wokwera pa kavalo, zomwe zija idayamba nazo pamaso pa anzake a rugby. Mu 1977 adalandira mphotho yaulemu ya César. Adamwalira mu November 1982 ali ndi zaka 75, atasiya patebulo nkhani ya kanema wina, Confusion, imene sadaijambule, ndipo adaikidwa ku Saint-Germain-en-Laye.