Oppenheimer: katswiri yemwe uphungu wake udamuyika m'mavuto

J. Robert Oppenheimer, katswiri wa sayansi wa ku America, adabadwa pa 22 Epulo 1904 mumzinda wa New York.

Kuyambira mu 1943, iye adatsogolera akatswiri omwe adapanga bomba loyamba la atomiki ku Los Alamos. Bombalo lidayesedwa pa 16 Julayi 1945, ndipo mwezi wotsatira mabomba awiri otere adasakaza mizinda ya Hiroshima ndi Nagasaki ku Japan.

Nkhondo itatha, Oppenheimer adakhala wapampando wa komiti yolangiza boma pa zanyukiliya. Mu 1949 komitiyo idati boma lisathamangire kupanga bomba loopsa zedi la haidrojeni, poopa kukolezera mpikisano wa zida ndi dziko la Soviet Union. Pulezidenti Harry Truman adakana uphunguwo mu 1950.

Mu 1954 boma lidamulanda chilolezo chodziwa zinsinsi zake, litamuzenga mlandu woyanjana ndi achikomyunizimu komanso wotsutsa ntchito ya bombalo. Apa mpomwe ntchito yake yolangiza boma idathera.

Iye adamwalira ndi khansa yapakhosi pa 18 Febuluwale 1967. Mu Disembala 2022, nduna ya boma la America Jennifer Granholm idafafaniza chigamulocho, ponena kuti mlanduwo sudayende mwachilungamo.