Harry Patch: msilikali amene adasunga nkhondo mumtima zaka 80

Pa 25 July 2009, mumzinda waung'ono wa Wells ku England mudamwalira gogo wina wa zaka 111, dzina lake Harry Patch. Gogoyu ndiye adali womaliza mwa asilikali a dziko la Britain amene adamenya nkhondo yoyamba yapadziko lonse ali m'maenje a ku France ndi Belgium.

Kuno kwathu makolo ankaitcha nkhondo ya Chiwaya, potengera mfuti ija yolavula zipolopolo mosalekeza, ndipo idafika mpaka ku Karonga mu September 1914. Naye Patch ntchito yake kunkhondoko idali ya pachiwaya.

Koma tikawerengetsa bwino, mkuluyu adakhala kubwalo la nkhondo miyezi yosakwana inayi. Zaka zina zonsezo adali pulambala, mwamuna wapabanja komanso bambo wa ana awiri.

Patch adabadwa pa 17 June 1898 m'mudzi wa Combe Down, kufupi ndi mzinda wa Bath. Adali chitsirizira mwa ana aamuna atatu a mmisiri womanga ndi miyala. Sukulu adasiya mu 1913 n'kuyamba kuphunzira zoika ndi kukonza mipope ya madzi.

Za usilikali sankazifuna n'komwe, poti mkulu wake yemwe adavulala kunkhondo adali atamutsina kale khutu za zomwe zinkachitika kumeneko. Koma mu October 1916 boma lidamulemba mokakamiza, ndipo mu June 1917 adamutumiza ku France ndi gulu la Duke of Cornwall's Light Infantry.

Adamuika pakagulu ka anyamata asanu oyang'anira chiwaya cha mtundu wa Lewis. Iye ankanyamula zipangizo za mfutiyo ndi kuikonza ikakakamira. Anyamatawa ankadyera limodzi, kugawana fodya ndi kakalikonse kochokera kumudzi. Adapanganso pangano lakabisira, loti ngati n'kotheka asaphe munthu, azingowombera m'miyendo. Akuluakulu awo akadamva zimenezi sakadasekerera.

Posakhalitsa adapezeka pankhondo ya Passchendaele ku Belgium, komwe mvula idasandutsa minda kukhala chithaphwi chomeza anthu ndi akavalo omwe. Mbali iliyonse idataya asilikali oposa 200,000, ophedwa ndi ovulala.

Kumeneko Patch adapeza mnyamata mnzake atang'ambika ndi bomba, akupempha kuti amutsirize. Asadachite kanthu mnyamatayo adatsirizika akuitana mayi ake. Nthawi ina msilikali wa ku Germany adamuthamangira atasongoza mpeni wa kumfuti. Patch adamuwombera paphewa, kenaka kumwendo, n'kumusiya wamoyo.

Usiku wa pa 22 September 1917, akubwerera kuchokera kutsogolo, bomba lidaphulika pamwamba pawo. Anzake atatu adafera pomwepo. Iye kachitsulo kadamulowa cha m'munsi mwa mimba, ndipo dokotala adakachotsa popanda mankhwala ochititsa dzanzi. Kuyambira apo tsiku lake lokumbukira nkhondo lidali 22 September, osati 11 November monga achitira ena onse.

Mkazi wake adampeza mwangozi yeniyeni: adamugunda n'kumugwetsa akuthamangira basi, nthawi imene bala lija linkapola. Adakwatirana mu 1919 ndipo adakhala limodzi zaka zoposa 55, mpaka mayiyo atamwalira mu 1976. Patch adabwerera kumipope yake. Adagwirako ntchito pomanga nsanja ya Wills Memorial Building ku Bristol, kenaka adatsegula bizinesi yakeyake. Pankhondo yachiwiri adali wozimitsa moto, ndipo adalimbana ndi malawi pomwe ndege za Germany zidaphulitsa mzinda wa Bath mu 1942. Adapuma pantchito mu 1963.

Chodabwitsa n'choti m'zaka zonsezi za nkhondo sadatchuleko, ngakhale kwa mkazi wake. Ena angati kudali kuuma mtima, koma zikuoneka kuti bamboyu sankafuna kulowetsa matope a Passchendaele m'nyumba momwe ankalereramo ana.

Moyo wautali udabwera ndi mitolo yake. Adaika m'manda mkazi woyamba, wachiwiri, ana ake onse awiri, komanso mayi wina amene adagwirizana naye kunyumba yosamalira okalamba. Kunyumbako, nyale ikangoyaka mwadzidzidzi usiku, ankadzidzimuka poyesa ndi bomba lija.

Pakamwa padatseguka mu 1998, ali ndi zaka 100, pomwe a BBC adamupempha kuti afotokoze zomwe adaona. Ataona kuti anzake akutha mmodzimmodzi, adavomera. Uthenga wake sudasinthe kufikira imfa: nkhondo ndi kuphana kochita kukonza, ndipo ophedwa a mbali zonse ayenera kukumbukiridwa mofanana.

Mu 2004 adapita ku Belgium kukakumana ndi Charles Kuentz, gogo wa zaka 107 yemwe adamenyera Germany m'dera lomwelo, ndipo adagwirana chanza. Mu 2007, ali ndi zaka 109, adatulutsa buku la moyo wake, The Last Fighting Tommy, mothandizana ndi Richard van Emden. Pa 11 November 2008 adali pa njinga ya olumala pamwambo wokumbukira nkhondo ku London, pamodzi ndi Henry Allingham ndi Bill Stone. Chaka chotsatira onse atatu adapita, ndipo Allingham adatsogola ndi sabata imodzi yokha Patch asadamwalire.

Mwambo wa maliro udachitika pa 6 August 2009 m'tchalitchi chachikulu cha Wells. Bokosi adaliperekeza asilikali a Britain, France, Belgium ndi Germany yemwe, ndipo m'tchalitchimo simudalowe mfuti ngakhale imodzi. Adamuika ku Monkton Combe, pafupi ndi manda a makolo ake.