Dotolo amene anapeza gwero la matenda a mafupa m'khosi

Ambiri a ife sitidziwa kuti kuseri kwa cithokomiro, m'khosi mwathu, muli tinthu tinai tocepa ngati njere za mpunga tochedwa parathyroid. Nchito yake ndi kuyang'anira kashiamu m'magazi. Kamodzi kakatupa ndi kugwira nchito mopitirira, kamakoka kashiamu m'mafupa mpaka mafupa afooka, ndipo mu impso mumacita timiyala. Lero madotolo amacotsa kotupako mwa opaleshoni. Amene anatsegula njirayi ndi a Felix Mandl.

A Mandl anabadwira ku Brno mu 1892 ndipo anaphunzira udotolo ku Vienna, m'dziko la Austria. Kumeneko anakumana ndi a Albert Jahne, kondakitala wa sitima za mumseu, amene mafupa ao anafooka kotero kuti sanali kutha kuyenda.

Nthawi imeneyo akatswiri anali kukhulupirira kuti tinthuti timatupa pofuna kuthandiza mafupa odwala. Naonso a Mandl anatsata ganizoli. Anatenga parathyroid ya munthu amene anafa pa ngozi ndi kuiika m'thupi la wodwala wao. Sizinathandize konse.

Apa ndi pamene tiwapatsa ulemu. Sanaumirire pa zimene anaphunzitsidwa. Anaona kuti mwina kutupako ndiko kuononga mafupa, ndipo mu July 1925 anang'amba khosi la a Jahne ndi kucotsamo cotupa. Kashiamu m'magazi anatsika, ululu unacepa, ndipo munthu amene anali cigonere anayambanso kuyenda ndi ndodo. Tisabise: patapita zaka zingapo matenda anabwerera, opaleshoni yaciwiri sinapeze cotupa cina, ndipo a Jahne anamwalira mu 1936. Koma pofika nthawiyo madotolo a maiko ena anali atayamba kale kuciritsa anthu mwa njira imeneyi.

Kuchuka sikunawateteze. Mu 1938 cipani ca Nazi citalanda Austria, a Mandl anacotsedwa nchito cifukwa anali Myuda. Anathawira ku Jerusalem, kumene anatsogolera za opaleshoni pa cipatala ca Hadassah.

Comwe citidabwitsa n'cakuti mu 1947 anabwerera ku Vienna, mzinda womwewo umene unawapirikitsa, ndi kukhala mkulu wa opaleshoni pa cipatala ca Kaiser Franz Josef. Anamwalira komweko mu October 1957.